Chaka cha Onazi

Uthenga unandipeza pa sikelo ya thonje ku Bangula,
ndikuwerengera amalume a Zuze makilo
kuti kalaliki asawadye khumi ngati chaka chatha.
Foni inanjenjemera pa mfundo ya chitenje.
Akuti bwerera ku Zomba, chaka china chimodzi,
chimene eni akewo amati onazi.
Chilatini ndi Chigiriki.

Amalume anapukuta thukuta ndi chipewa.
"Zinayi zija sizinakwane?
Mwana wa a Alufandika anaphunzira miyezi sikisi yokha,
lero akuyendetsa thirakitala ku Nchalo.
Chilankhulo chakocho amayankhula dziko liti?"
Ndinati, kulibe.
"Ndiye ukacheza ndi yani?"
Ndinati, ndi miyala.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Koma sindinaname. Kafukufuku wanga ndi wa manda,
mawu amene anthu wamba a ku Roma ankagoba pa miyala.
Osati mafumu, ayi:
wophika buledi, mzamba, kapolo wometa ndevu za mbuye wake,
kamwana kamene kanakhala zaka ziwiri,
miyezi itatu, masiku asanu ndi anayi.
Ankawerenga mpaka masiku.
Ndikafika pamenepo ndimayamba ndatseka buku.

Usiku kuno sikuzizira.
Tayala mphasa pabwalo,
udzudzu wa ku Dinde wayamba kale misa yake,
ine ndi tochi ya foni pa dikishonale
imene inamwa madzi chaka cha chigumula.
Ndinaiyanika tsamba ndi tsamba
pa khonde la sukulu imene tinathawirako,
inafufuma ngati chigumu,
ndipo kuchokera pa M kukafika pa P inamatana mpaka lero.
Mawu oti mayi ali m'menemo.
Oti imfa, oti dzina, oti bambo.
Amenewo ndimachita kunyamula m'mutu.

Amayi sanafunse za ntchito.
Ankasenda nyika mumdima, mpeni ukudziwa wokha njira.
"Ukuwerenga manda a eni ake,
mlongo wako alibe ngakhale mtumbira."

Jofilisi.
Ruo anamutenga ku Makhanga
akukoka mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi.
Mbuzi imodzi inapezeka.
Tinakhala pa siwa masiku atatu popanda chonyamula.

Ndinafuna kuwauza kuti akalewo nawonso
madzi ankawalanda ana osabweza,
ndipo ankaimika mwala pa manda opanda munthu,
mwalawo nkumaitana wokha odutsa m'njira
kuti aime kaye, amve dzina.
Sindinanene. Kukhosi kunauma ngati dambo la mu Okutobala.
Ndinangotenga mpeni wina
nkuyamba kusenda nawo.

Mu galamala muli nthawi ina ya mneni,
yonena za m'tsogolo ngati zatha kale:
ndidzakhala nditamaliza,
ndidzakhala nditabweza,
ndidzakhala nditakhoma malata pa nyumba ino.
Amalume sanapitirire sitandade folo
koma nthawi imeneyi amaidziwa kuposa aphunzitsi anga.
Ndi imene amayankhula kwa wogulitsa mankhwala a thonje
chaka ndi chaka.

M'mawa minibasi ikudzaza pa siteji,
anandipanikiza m'dzanja ndalama zokulunga m'pepala la shuga.
"Ukawapatse moni miyala yakoyo."
Anapita osacheuka, njinga ikulira tcheni.

Amayi anadikira kondakitala amange katundu.
Kenako pawindo, osandiyang'ana:
"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Miyezi inayi.
Anabadwa Lachitatu, sabata yomwe njanji inakokoloka.
Masikuwo ine sindinawerenge.
Ukawerengere kumeneko."

Tadutsa Ngabu, tadutsa nzimbe, tawoloka Shire.
Pa Thabwa galimoto yayamba kubuula ndi chitunda,
chigwa chatsala m'munsi, chotuwa ndi utsi.
Wokhala naye pafupi akudabwa
kuti mtsikana wa yunivesite
akuwerengeranji pa zala ngati mwana wa sitandade wanu,
nkumasokoneza, nkumayambiranso.